Galimoto Yodwala ndi Ulemu

Amuna anga anayendetsa mabwana zaka makumi atatu osaswa ngakhale indiketa, ndipo mlendo aliyense kwathu amaimva mbiriyi asanapatsidwe mpando. Atapuma pantchito anadzigulira galimoto yofiira, yoti ena anayendapo kale. Wogulitsa anawauza kuti injini yake ndi ya rotale, ilibe mapisitoni, ili ndi malamulo akeake. Iwo anangogwedeza mutu. Katswiri ngati ameneyo angauzidwe chiyani ndi munthu wogulitsa?

Chisamaliro chake chinkandichititsa nsanje. Ine ndikadwala amangoti ndimwe madzi ambiri, koma galimotoyo ankaifunditsa bulangete. M'mawa uliwonse ankailiza, kuitulutsa m'galaja mapazi khumi, kuizimitsa, kuitsuka, n'kuibwezera. Loweruka tinkapita nayo kumsika paliwiro loti anjinga ankatipitirira uku akutipatsa moni.

Tsiku lina inakana kulira. Fungo la petulo linadzaza pabwalo ponse, mpaka tinaitana makaniko. Iye anamasula mapulagi, nawapeza ali bii, onyowa.

"Madala, mumaizimitsa isanatenthe eti?"

"Sindiwononga mafuta ine," anatero amuna anga.

"Ndiye yatsamwa ndi mafuta omwewo. M'kati umu muli chitsulo cha ngodya zitatu chomwe chimazungulira, ndipo pangodya iliyonse pali kasilo kotsekera mpweya. Mukamayenda ngati mukuperekeza maliro, mwaye umaunjikana, timasiloto timamatirira, mphamvu n'kuthawa. Oyilonso imamwa dala, anaipanga choncho. Muzimuyang'ana pafupipafupi."

"Mwana wanga, ndinagwira chiwongolero iwe usanabadwe."

"Sindikukana, madala. Koma iyi mukuipha ndi ulemu."

Anavutika nayo mpaka inalira, utsi uli tolotolo. Kenako anatipatsa mankhwala ake: ikatentha bwino, tipite nayo pamsewu waukulu, tiponde mafuta mpaka muvi wa pageji ya injini uyandikire pofiira, kangapo konse. Tikapanda kutero, ulendo wina adzabwera kudzatsitsa injini yonse.

Amuna anga anapukusa mutu. Injini kutsitsidwa m'galimoto yawo, madalaivala anzawo onse n'kumva? Bola kuwadula mkono.

Tinanyamuka masana omwewo. Msewu unali woongoka, wopanda ndi galu yemwe. Katswiri uja anakhala tsonga, manja onse pachiwongolero, n'kuyamba kuponda. Muvi unakwera pang'ono, injini itangoyamba kukweza mawu, phazi linabwerera lokha. Anayesanso. Linabwereranso. Kachitatu zinali chimodzimodzi, ndipo mawu achipongwe amene ndinawakonzera ndinangowasiya. Ndinawamvera chisoni.

Anaimika pambali pa msewu, osazimitsa.

"Mayi, laisensi yanu ija mwatenga?"

Ndinali nayo m'chikwama. Inatha zaka khumi ndi ziwiri ili momwemo, poti iwo ankati ndimaponda mafuta ngati ndikupha mphemvu. Sindinawakumbutse. Anatsika, n'kuzungulira chakumbuyo pang'onopang'ono, ine n'kusunthira pampando wawo.

Ndinaponda. Galimoto inayamba yatsokomola, utsi wakuda n'kutsalira m'mbuyo, kenako inalira mosalala, mawu amene tinali tisanawamvepo chiigulireni. Amuna anga anagwira lamba ndi manja awiri, maso ali chitsinzinire.

"Wafika pofiira?" anafunsa.

"Watsala pang'ono, bambo."

Atayankhula, mawu awo anali aang'ono, osati aja olandirira alendo.

"Zaka zonse zija mabwana ankandikonda chifukwa cha mantha angawa. Ine ndinkati ndi luso. Phazi ili silidziwa china."

Ndinayamba kuchepetsa liwiro kuti mwina atsekule maso, koma anandigwira pamkono.

"Ayi, musaisiye ife chifukwa cha ine. Pondaninso, mayi."