Akulankhula, Bambo

Ambulansi inali itangotuluka pageti pamene Mustapha anafika pa njinga, buluku lake lidakali lonyowa ndi madzi a m'nyanja. Anamva ali kugombe kuti mkazi wake Asiyatu, yemwe anali woyembekezera, wapita kuchipatala m'mamawa matenda atayamba.

Molly, namwino wa pachipatala chaching'onocho pafupi ndi Chipoka, anali atangomaliza kulankhula pafoni ndi dokotala wa ku boma. Odwala anali ambiri pabenchi, ndipo Mustapha atafunsa za mkazi wake, Molly anangobwereza zomwe anauza dokotala uja.

"Mwana wakhala mopingasa. Tawatumiza ku Salima, mwina akachitidwa opaleshoni."

Njinga inagwa pansi. Mustapha anakhala pasitepe, nagwira kumutu, n'kuyamba kutchula dzina la Allah chapansipansi. Mayi wina pabenchi ananong'oneza Molly kuti mchemwali wa bamboyo nayenso anatumizidwa ku boma chaka chatha, atavutika nthawi yaitali kunyumba, ndipo sanabwereko wamoyo.

Molly anapempha mnzake kuti aone odwalawo. Anatuluka nakhala pasitepe pomwepo, pambali pa msodziyo.

"Bambo, ndayambira kumapeto. Mundilole ndiyambirenso."

Anafotokoza pang'onopang'ono kuti Asiyatu wakwera ambulansi akuyenda yekha, kuti sakutaya magazi, ndiponso kuti mtima wa mwana waumva ndi makutu ake ukugunda bwino. Anati kuwatumiza sikuti zinthu zavuta kale, koma kuti pano palibe chipinda cha opaleshoni, ndipo mwana wogona chopingasa amafunika kubadwira komwe chipindacho chilipo. Anaonjeza kuti Asiyatu wachita bwino kubwera msanga.

Mustapha anadzutsa mutu. "Ndiye akulankhula?"

"Akulankhula, bambo. Akudandaula kuti mwatseka chikwama cha zitenje m'chipinda n'kupita ndi kiyi kunyanja."

Bamboyo anapisa m'thumba n'kupezadi kiyiyo. Anaseka, misozi ili m'maso, napukuta nkhope ndi malaya. Anafunsa komwe akamupeze mkaziyo akafika, ndipo Molly anamulongosolera khomo lolowera ndi wodi ya amayi.

Mustapha anadzutsa njinga yake nathamangira kunyumba kukatenga chikwama chija kuti akakwere minibasi.

Madzulo foni ya pachipatala inalira. Anali Mustapha.

"Asisita, ali moyo onse awiri," anatero. "Tsopano ndikuuzeni zinazo: ndi wamkazi."