Mwana Womaliza pa Mzere

"Undilembere bwinobwino, usachulutse gaga m'diwa," anatero mayiwo akukankhira pepala kwa mwana wawo wamkazi. "Ungoti ndatopa, ndipuma pantchito mwezi uno ukatha."

Linali Lamulungu masana, mbale zisanachotsedwe patebulo. Mwanayo, amene pakhomopo ankangomutcha Injiniya chifukwa ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a kompyuta, analiyang'ana pepalalo ngati lamutukwana. Mayi akewo anali kalaliki pachipatala chaching'ono kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ngakhale chimfine cha mtundu wanji sichinawagonekepo kunyumba tsiku la sikelo ya ana.

"Mwatopa liti, amayi? Si dzulo lomweli mwachapa makatani a nyumba yonse?"

"Afunse iwe, mwina akuyankha," anatero bambo ake ali pampando wa pazenera. Iwowa anali dalaivala wa basi wopuma, ndipo kupumako kunawapatsa nthawi yambiri yolowerera nkhani za eni. "Ine ndafunsa mpaka malovu kuuma. Akuti mutu wawo wabooka ngati ndowa yakale."

Mayiwo sanaseke. Anafotokoza motsitsa mawu kuti chibwerere kompyuta ku ofesi kwawo, ana akumasowa m'kaundula. Amamulemba mwana ndi manja awo, dzina, tsiku lobadwa, makilo ake ndi katemera amene wabayidwa, koma mwezi wotsatira mwanayo osapezeka.

"Lachisanu kwabwera mayi wina, ine kufufuza, mwana wake mulibe. Chonsecho ndikukumbukira mpaka kachipewa kachikasu kamene anavala. Mayiyo akuti, 'Kodi mwana wanga mwamufufutiranji?' Wachisanu ndi chinayi ameneyo. Asisitala aakulu sanandikalipire, anangondigwira paphewa n'kundifunsa ngati ndikumagona bwino. Bola akanandikalipira. Agogo ako anayamba chonchi, kuiwala timatinthu, mapeto ake anandiiwala ndi ine ndemwe. Ndichoke ndekha anthu asanayambe kundilozerana ndi milomo."

Injiniya anatchera khutu, pakuti pulogalamu ya kaundulayo inachokera ku kampani yake, ndipo mbali yosunga zolembedwa anailemba yekha ndi zala zake. Anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba.

"Kalatayi ndilemba Lachiwiri. Mawa ndikaone kaye mmene mumagwirira ntchito."

M'mawa mwake anakhala pakatoni ya magolovesi kuseri kwa mayi ake. Kachipindako kanali kopanikiza: tebulo limodzi, sikelo yolendewera pa mbedza, fani yolira ngati yakwiya, ndi mzere wa amayi obereka ana wofika mpaka pakhonde. Kalaliki uja ankalemba ndi zala ziwiri zokha, koma osaphonya ndi chilembo chomwe. Akamaliza mwana mmodzi ankadina batani, pagalasi la kompyuta n'kutuluka mawu obiriwira akuti "Zasungidwa," iwo n'kuitana wotsatira. Ana ena ankawadziwa ndi kulira komwe.

Injiniya anatsegula ndi kutseka chilichonse chimene akanatha pa laputopu yake, koma vuto osaliona. Mwana aliyense ankalowa bwinobwino. Pofika chakumasana anayamba kuchita mantha kuti mwina mayi ake akunena zoona, ndipo maganizo amenewo anamuwawa kuposa kulakwa kulikonse kwa pantchito.

Nthawi ya nkhomaliro itakwana, bambo aja anatulukira pakhomo atanyamula kadengu ka chakudya, ati kudzaona ngati akatswiri apeza matenda. Pamzere panali patatsala mayi mmodzi wa kamwana konenepa masaya. Kalalikiyo anakalemba, anadina batani, mawu obiriwira anatuluka, ndipo dzanja lomwelo linangotsetserekera pansi pa tebulo n'kuzimitsa switchi ya pakhoma. Galasi linada bii.

"Amayi, mwachita chiyani?"

"Ndazimitsa. Magetsi aziyakira ndani ine ndikudya?"

"Mumachita chonchi tsiku lililonse?"

"Masana ndi poweruka. Nanga n'chachilendo?"

"Funsa ine," anatero bambo aja akuika dengu pansi. "Wailesi amandizimitsira pakhoma mpira uli pafupi kulowa m'golo. Zaka zonsezi zigoli ndimazimvera kwa aneba."

Injiniya anagwada n'kuyatsanso switchi ija. Kompyuta itadzuka anafufuza kamwana konenepa masaya kaja. Munalibe. Mayi ake anagwira pakamwa.

"Mwaona nokha," anatero. "Ndangomulemba pompano."

"Mwamulembadi, amayi, ndipo tonse taona. Ana asanu ndi anayi aja, kodi sanali omaliza pamzere?"

Mayiwo anatsinzina n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Wa kachipewa kachikasu anabwera mochedwa chifukwa cha mvula. Wina mayi ake anaphonya basi. Pa mapasa ena, woyamba analimo, wosowa anali wachiwiri, ndipo pambuyo pake panalibenso munthu. Onse anali omaliza.

Apa Injiniya anaseka, kenaka manyazi anamugwira mpaka kumakutu, ndipo anafotokoza atayang'ana pansi. Anati pulogalamu siilemba yokha pa disiki, kachitsulo kamene kamasunga zinthu ngakhale magetsi atazima. Imapereka uthenga kwa kapitawo wa m'kati mwa kompyuta, amene iwo amamutcha kenelo, ndipo ndi yekhayo wololedwa kufika pa disikipo. Kapitawoyo akalandira amayankha msanga kuti walandira, koma salemba nthawi yomweyo. Amasunga m'manja kwa timasekondi, mwina mpaka theka la mphindi, kudikira kuti zichuluke kuti akalembe pamodzi. Magetsi akazima zili m'manja choncho, zimatayika.

"Ndiye kondakitala ameneyo," anatero bambo ake maso atawala. "Akuuza wokwera kuti tikunyamuka pompano, chonsecho akudikira basi idzaze."

"Ndi momwemo, ababa. Koma pali lamulo limene wolemba pulogalamu amatha kumupatsa, lakuti nyamuka tsopano lino, ndipo usandiyankhe mpaka katundu atafika. Mzere umodzi wokha. Ndinaulemba, koma tsiku loonetsa pulogalamuyi kwa mabwana inkaoneka yochedwa, ndiye ndinauchotsa kuti ithamange. Ndinati ndiubwezera mawa lake."

"Mawa lake la chaka chiti?" anafunsa mayi ake.

"Ndinaiwala, amayi."

Kenaka mayiwo anayamba kuseka, poyamba m'mphuno, kenaka thupi lonse, mpaka misozi kutsika n'kuipukuta ndi kolala ya yunifolomu. Miyezi inayi ya mantha inatuluka ndi kuseka kumeneko.

"Abambo, mwamva? Woiwala m'banja muno wapezeka, ndipo alibe ndi imvi imodzi yomwe."

"Kuthamanga sikufika, Injiniya," anatero bambowo. "Ife pamsewu tinaphunzira kalekale."

Kukonza kwake sikunatenge nthawi yophikira ndi tiyi yemwe. Injiniya anabwezera mzere uja, n'kusintha kuti mawu obiriwira asamatuluke mpaka kenelo atatsimikiza kuti zafikadi pa disiki. Atalowetsa pulogalamu yatsopanoyo anapempha mayi ake kuti alembenso kamwana kaja, ndipo anadzuka kuti akathamangire mayi wa kamwanako pageti akabwereke khadi la sikelo.

"Khala pansi," anatero mayiwo. Analemba dzina, tsiku lobadwa, makilo ndi katemera, zonse kuchokera m'mutu. Anadina batani. Mawu aja anachedwa ngati kuphethira kumodzi, n'kutuluka.

"Tsopano zimitsani monga mwa nthawi zonse."

Anazimitsa ndi mphamvu ngati akupha mphemvu. Atayatsanso, atatu onse anaunjikana pagalasi mitu kugundana. Kamwana konenepa masaya kanalimo, ndi makilo ake onse. Mayiwo anafuna kuyesanso, ndipo anayesa kachiwiri ndi kachitatu akuwonjezera timawu pa zolemba za mwana yemweyo, bambo aja akuwerengera mokweza ngati woimbira mpira. Ulendo uliwonse zolembazo zinkapezeka.

"Komabe, amayi, kuzimitsira pakhoma kumeneku kumapweteka kompyuta. Pali njira yake yoitsekera."

"Zimenezo ukandiphunzitsa kunyumba, ndipo ndikamva. Lero si tsiku langa lolangizidwa."

Injiniya anatseka laputopu nati athamangire ku ofesi, chifukwa pulogalamu yomweyo inali m'zipatala zina zisanu ndipo anayenera kuuza abwana ake zonse tsiku lomwelo. Mayi ake anamugwira dzanja.

"Abwana ako adikire pang'ono. Anga ali kuseri kuno akudya."

Anamutsogolera pakhonde, mutu uli m'mwamba, nsapato zikulira pasimenti. M'chipinda chopumira munali asisitala aakulu, anamwino awiri ndi bambo wa ku mankhwala, omwe aja ankatsitsa mawu kalaliki akamadutsa. Injiniya anaima pakati pawo manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu, n'kufotokoza zonse osabisa kanthu: za kenelo, za mzere umene anachotsa, ndi kuti mawu obiriwira aja ankanamiza mayi ake. Atamaliza, mayiwo anatchula ana asanu ndi anayi osowawo mmodzimmodzi, ndi masiku amene anabwera, kuti alembedwenso. Namwino wina amene ankasunga mapepala a katemera anathamangira faelo n'kumatsatira ndi chala. Sanapeze cholakwika ndi chimodzi chomwe.

Asisitala aakulu anaika supuni pansi. Manyazi ndi chimwemwe zinkalimbirana pankhope pawo.

"Mutikhululukire, amayi. Ine ndinali nditalemba kale kumtunda kuti akupatseni tchuthi cha miyezi iwiri, mutu upume. Nanga tsopano ndichite nacho chiyani?"

"Mupatseni uyu," anatero kalalikiyo akuloza mwana wawo. "Ine pakhonde pali anthu akundidikira."

Anabwerera m'kachipinda kawo, anakhala pampando, anawongola kolala, n'kuitana mayi woyamba wa mzere wa masana.