Ziro pa Imfa za Anapiye

Nakadontho ndiye ankakonza malipoti a pakompyuta pa kampani ina yoweta nkhuku. Dzinali silinali lake. Analipeka ndi manijala, pomuseka kuti amatha tsiku lonse akulimbana ndi kadontho ka pakati pa manambala.

Kwa miyezi itatu iye anakhala akumanga lipoti limodzi lalikulu la makola onse asanu ndi limodzi. Pamwamba pake anaika kabokosi kosankhira. Munthu akadina pamenepo ankasankha yekha chomwe akufuna kuona: chiwerengero cha anapiye, kulemera kwa nkhuku, kapena imfa. Chomwe chinamutayitsa nthawi chinali kuonetsetsa kuti chilichonse chizioneka moyenera. Anapiye azibwera m'manambala athunthu, kulemera kuzikhala ndi kadontho ndi makilogalamu kumapeto, imfa zizibwera mu peresenti. Analemba lamulo lakuti tchati izisintha yokha malinga ndi chomwe munthu wasankha.

Pa msonkhano wa Lolemba manijala analionetsa lipotilo ngati lake.

"Ndalikhetsera thukuta limeneli," anatero.

Dokotala wa ziweto anakweza dzanja. "Nanga si mayiwa amene akhala akutifunsa manambala tsiku ndi tsiku?"

"Awa? Ife timamanga nyumba, awa amangopachika makatani."

Anthu anaseka. Sabata yomweyo tebulo la Nakadontho linatulutsidwa mu ofesi n'kuikidwa m'kanjira, pafupi ndi makina a fotokope, poti manijala ankafuna malo oika sofa.

Lachitatu kunabwera imelo yochokera kwa manijala. "Chotsani timadontho ndi tizizindikiro tonse, zikundizunguza mutu. Ndikufuna manambala athunthu okhaokha. Eni kampani abwera Lachisanu."

Nakadontho anawerenga kawiri. Ankadziwa kuti m'kati mwa kompyuta imfa za anapiye anayi pa zana lililonse zimasungidwa ngati 0.04, ndipo ukailamula kuti ionetse nambala yathunthu imangolemba ziro. Anayamba kulemba kuti afotokoze zimenezi. Atafika pa mzere wachitatu, munthu wina anagunda mpando wake podutsa ndi mapepala. Anafufuta zonse, n'kulemba mzere umodzi: "Bwana, pa zonse, ngakhale pa imfa?"

Yankho silinachedwe. "Ndati zonse. Ndilembe kangati?"

Anachotsa lamulo lija. Imeloyo anaisindikiza, n'kuipinda bwinobwino m'chikwama.

Kunyumba mkulu wake, telala, anamupeza akuseka yekha pochapa mbale.

"Iwe, wapenga?"

Anamufotokozera zonse. Mkulu wakeyo analavula phini yomwe analuma.

"Kasitomala akakakamira kuti thalauza likhale lothina, ine ndimasoka lothina. Likakaphulika pagulu, manyazi ndi ake. Koma iwe sakugwetsera limodzi?"

"Achemwali, pepala ndili nalo."

Mwini kampani anali mayi wachikulire wosakonda kuuzidwa zinthu. Lachisanu atangokhala pansi anakoka laputopu ya manijala n'kuyamba kudina okha. Nakadontho ankaona zonse kudzera pa galasi la chitseko. Mayiwo anasankha anapiye, manambala anabwera bwino. Anasankha kulemera, makola onse analemba 2. Anakwinya nkhope. Kenako anasankha imfa.

Ziro. Makola onse asanu ndi limodzi, ziro.

Manijala anali asanadinepo pamenepo chiyambire. Akanatha kunena kuti pena palakwika. M'malo mwake anakonza tayi.

"Monga mukuonera, mayi, mwezi uno tagwira ntchito."

"Ngakhale khola lachinayi?"

"Makamaka limenelo."

"Ndadzera kumeneko m'mawa uno," anatero mayiwo mofatsa. "Ndakumana ndi wilibala yodzaza anapiye akufa. Kapena anali m'tulo? Adokotala?"

"Tikutaya asanu ndi awiri pa zana lililonse, mayi."

Mayiwo anakankhira laputopu kwa manijala. "Lipoti ndi lanu. Konzani, tikudikira."

Manijala anadina apa, anadina apo. Tchati inasanduka yobiriwira, kenako inasowa, kenako inabweranso ndi maziro ake. Kolala ya shati inanyowa. Patapita mphindi zisanu dokotala anadzuka, anatsegula chitseko n'kukodola Nakadontho.

Nakadontho sanathamange. Anatseka kabati yake, anatenga chikwama, analowa, anapereka moni kwa aliyense mmodzimmodzi. Anabwezeretsa lamulo lija onse akuyang'ana, ndipo khola lachinayi linaima lalitali pa tchati: 7.2%.

"Anazichotsa ndani poyamba?" anafunsa mwini kampani.

"Ndine, mayi. Ndinauzidwa."

Anatulutsa pepala lija, analiwongola ndi chikhatho patebulo, n'kulitembenuza kuti liyang'ane kwa mayiwo. Iwo analiwerenga mokweza, mpaka pa "Ndilembe kangati?" Manijala ankangoyang'ana nsapato zake.

Anthu atatuluka, mayiwo anamuuza Nakadontho kuti atsale.

"Unkadziwa chomwe chichitike."

"Ndinkadziwa."

"Ntchito yako ndi yabwino, mwanawe. Koma ukadzamenyeranso nkhondo zako pa manambala a nkhuku zanga, udzapita."

"Ndamva, mayi."

Anamvadi, koma kumtima kunalibe chomuluma. Anatsika masitepe akung'ung'udza nyimbo.

Manijala sanachotsedwe ntchito. Anamutumiza kukayang'anira khola lachinayi mpaka imfa zitatsika. Lolemba m'mawa anatulukira atavala majombo, fungo la zitosi lili patsogolo, atanyamula fomu ya anapiye akufa yoti ilowe mu lipoti. Anaima pambali pa tebulo la Nakadontho.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

Nakadontho anamaliza kaye mzere womwe ankalemba. Anamwa tiyi pang'ono. Kenako, osadzutsa mutu, analoza thireyi ndi cholembera.

"Siyani apo. Ndikazifuna zina ndikuitanitsani."