Ndodo Yoyezera Khoma

Kalata ya ku koleji inakhala masiku asanu ndi anayi pa shelefu ya m'shedi, itapanikizidwa ndi chitini cha misomali. A Kalipentala ankaiona m'mawa uliwonse akamatenga pensulo, koma sankaikhudza. Inkafuna kuti kholo lisayine pofika Lachisanu, apo ayi malo a mwana wawo wachisamba apatsidwa kwa wina.

Mwanayo aliyense ankamutcha Namisomali, chifukwa ali wamng'ono ankatola misomali yopindika n'kumaiwongola pamwala. Tsopano anali atamaliza sekondale, ndipo mtima wake unali pokaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Bambo ake sanakane, komanso sanalole. Ankangonena kuti iwo sukulu anaisiyira panjira, koma makabati awo ali m'nyumba za anthu ophunzira omwewo. Chimene sankatchula n'chakuti mwa onse amene anawaphunzitsa ntchito, panalibe wa manja ngati a mtsikanayu, ndipo shediyo ankaisungira iyeyo.

A Kalipentala sankakhulupirira tepi. Akapita koyeza, ankanyamula ndodo yosalala, n'kumaigunditsa kukhoma pamwamba, pakati ndi pansi, kwinaku akulembapo timizere ndi timitanda tomwe ankatimva okha. Ntchito iliyonse inali ndi ndodo yake. Sabata imeneyo ankapanga kabati yaitali yoti ikalowe pakati pa makoma awiri m'khitchini ya mayi wina, ndipo ndodo yake inali itatsamira pafupi ndi chitseko.

Lachiwiri, alamu awo, amene ankapaka penti m'shedimo, anasowa chotakasira. Anatola ndodo ija, kuidula pawiri, n'kuiviika m'ndowa.

A Kalipentala anayang'ana ndowayo kwa nthawi ndithu.

"Alamu, khitchini ya anthu mwaitakasira mu penti."

"Nanga inali ndi miyeso? Ine ndimayesa nkhuku yapalasapo."

Kukayezanso kunali kosatheka, poti mwini nyumba anali paulendo ndi makiyi ake mpaka Lachinayi, tsiku lomwe anagwirizana kuti kabatiyo ifike. Apa m'pamene Namisomali anatulutsa kope lake. Tsiku loyeza lija anapita nawo, ndipo bambo ake ali kalikiliki ndi ndodo, iye anayeza ndi tepi mwakachetechete n'kujambula zonse. A Kalipentala anavala magalasi, nawerenga manambalawo kawiri. Sanayamikire, anangomuuza kuti abweretse sowo. Masiku awiri anadula matabwa motsatira pepala, chinthu chomwe anali asanachitepo pa zaka makumi atatu.

Lachinayi masana anaikankha kabatiyo pamalo pake. Pansi inalowa bwino, pamwamba inalowanso, koma pakati inakakamira, kutsala kadanga kosakwana chala. Khomalo linali ndi mimba. Namisomali anali atayeza pamwamba ndi pansi pokha, ndipo ataona kuti miyeso yafanana, anakhutira.

Alamu aja anayamba kuseka, amvekere mapepala akana kulowa pakhomo la eni. A Kalipentala anaigoneka kabatiyo, natenga chopalira, n'kuyamba kuisenga m'mbali pang'onopang'ono, tizipalo tikugwa pa simenti. Ankayembekeza kuti mwanayo achita manyazi n'kuyamba kudziteteza. Koma atakweza maso anamuona ataika chikhatho pakhoma, akuchiyendetsa kuchokera pamwamba mpaka pansi, monga mmene iwo amachitira ndi thabwa.

"Ababa, pa pulani imene mayi aja anationetsa, khoma ili n'lowongoka. Amene anajambula sanabwere n'komwe kudzaligwira."

Iwo anati ojambula onse ndi otero, amathera mu ofesi.

"N'chifukwa chake ndikufuna ndipite. Pakhale mmodzi wodziwa kuti khoma limakhala ndi mimba."

A Kalipentala anapitiriza kupala. Anakumbukira mazenera amene anawapeza pamalo pa makabati, ndi zitseko zotsegukira pa masitepe, zonse zojambulidwa ndi anthu osagwirapo hamala. Anakumbukiranso ndodo zawo zodzaza pakona ya shedi, zomwe tsiku lomwe iwo adzatsikire kulichete zidzangokhala nkhuni, poti palibe angaziwerenge. Pepala la mwanayo linalakwa ndi kadanga kosakwana chala, koma popanda ilo sakanadula ngakhale thabwa limodzi. Funso lakuti woposa mnzake ndani, ndodo kapena pepala, anaona kuti alibe nalo yankho, ndipo sanadzikakamize kulipeza.

Atayesa kachiwiri, kabatiyo inalowa ngati inamera pomwepo.

Lachisanu m'mawa a Kalipentala anachotsa chitini cha misomali chija, napukuta utuchi pa kalatayo, n'kusayina mosathamanga. Kenako anasankha kathabwa kowongoka, kukapala mbali zonse zinayi, n'kukapereka kwa Namisomali pamodzi ndi kalata. Anamuuza kuti tchuthi chilichonse malo ake ndi m'shedi muno, ndipo ku koleji akamuphunzitse zonse, koma asadzajambule khoma lomwe sanaligunditse ndodo pakati.

Alamu anasuzumira kuchokera kuseri kwa zitini, nafunsa ngati ndodo yatsopanoyo ili ndi ntchito.

"Ilembe dzina msanga, mwanawe," anatero a Kalipentala. "Amalume akowa chotakasira penti chawathera."