Chikuku Pamsana pa Mlamu

Linah ankayanika nshawa pabwalo pamene anaona mlamu wake Esitere akutulukira m'kanjira ka kumunda wa fodya, dengu pamutu, khanda kumbuyo. Esitere anali atayenda wapansi kuchokera ku Chikomeni kudzazonda Tryphena, mwana wa Linah, amene anali atangobwera kumene kuchipatala cha ku Lusaka.

"Monire, alamu. Ali kuti mwana wathu?"

Linah anathamanga kuti akamulandire dengu. M'pamene anaona khandalo: maso ofiira, mamina ali chuu, tinsungu kuseri kwa makutu. Manja ake anabwerera okha.

"Wayamba liti mwanayu?"

"Ka chikuku chabe," anatero Esitere. "Kwathu ana onse adwala. Kazapola."

Tryphena, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ankadwala khansa yotupitsa tsaya. Mankhwala a m'dilipi anali ataphwetsa chotupacho, koma anamuyoyola tsitsi. Powatulutsa, dokotala anachita kubwereza kawiri kuti mankhwalawo amaphanso asilikali a m'thupi, ndipo kwa mwana wotere ngakhale chimfine ndi mkango. Linah sanafunike kuuzidwa kachitatu. Pabedi loyandikana ndi la Tryphena pankagona kamtsikana kotchedwa Eness, kamene chotupa chake chinali chitatheratu. Kanatenga chikuku kumudzi, kanabwereranso kuchipatala, ndipo mayi ake anabwerera kwawo ndi bulangete lokha.

"Alamu, ndapota nanu, imani pamenepo. M'nyumba simulowa," anatero Linah.

Esitere anaseka, kuyesa nthabwala. Ataona kuti nkhope ya Linah sinasinthe, anatula dengu pansi pang'onopang'ono.

"Ndayenda kuchokela mamawa, mapazi kutupa. Lusaka ndiye yakuphunzitsani kuthamangitsa abale ngati agalu?"

Danwell, mwamuna wa Linah, anatuluka m'chigafa akupukuta manja. Anamva zonse ali chilili.

"Amake Tryphena," anatero motsitsa mawu, "mlendo ndi mame. Angomuona chabe, kamphindi. Ni mlongo wanga uyu."

"Mame omwewo amaoletsa nshawa," anayankha Linah. "Ine ndinagona pansi pa bedi miyezi iwili. Ndinaona. Ngati alowa, muyambe mwandichotsa ine."

Pawindo panasuzumira kamutu kopanda tsitsi. "Azakhali," kanaitana, kakugwedeza kadzanja kowonda.

Esitere anacheuka. Ulendo watha anamusiya mwanayo ali wonenepa, wamangongo awiri m'mutu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anabwerera m'mbuyo yekha mpaka pamthunzi wa mango.

"Khala momwemo, mama," anatero. "Nakuona. Wakula."

Danwell anawapatsa alendowo madzi akumwa, natulutsa njinga, namangirira chitenje pakaliya, nakweza mlongo wake ndi khanda lija kupita nawo kukiliniki. Esitere sanatsazike.

Nkhani inafika kudilawo kotunga madzi Linah asanafikeko. Madzulo amenewo azimayi anamupatukira, osamupatsa moni. Wina ananong'ona momveka kuti ena akakwera basi kamodzi amaiwala kumene unagwera mchombo.

Linah anadikira mpaka onse atatunga. Anasenza ndowa yake, nakafika kunyumba, nakoleza moto kuti awiritse madzi akumwa a mwanayo. Misozi inkatsika, koma utsi unalipo wokwanira kuunamizira.

"Amama, azakhali akwiya?" anafunsa Tryphena.

"Akwiya, mwanangu," anatero Linah, akusonkhezera nkhuni. "Uzakawapepesa wekha ukakula."