Banja la Kopolo Onesimo

Tangoganizani: msilikali akauzidwa kuti alembetse mayina a banja lake, amalembetsa ndani?

Petronela analibe nthawi yoganizira zimenezo. Anatsika basi ku Limbe mwana wake Selina ali kumsana, chifuwa chikulira ngati wezulo. Mphumu inali itamuyambanso, ndipo kukachipatala ka kwawo ku Bangwe mankhwala anali atatha.

Munali mu 1988. Mwamuna wake, Kopolo Onesimo, anali ku Mozambique kulondera njanji. Potsanzika anamusiyira kadi, akudziguguda pachifuwa ngati mwini dziko. "Mukadwalitsa, thamangirani kusitolo ya mankhwala ija. Banja la msilikali limangotchula dzina basi."

Wogulitsa mankhwala, a Habibu, anatsegula buku la asilikali napeza nambala ya Kopolo. Chala chawo chinatsika, chinakweranso.

"Mwati mwanayu ndani?"

"Selina. Ine ndine Petronela, mayi wa kunyumba."

"Mulibemo nonse awiri."

"Tapukutani mandalawo, bambo!"

Mayi wina pamzere anaseka. "Mwina ndinu wapambali, asisi. Asilikali paliponse pamene agona amasiyapo mbendera."

"Wapambali ndi amako!" anatero Petronela. "Ine wanga ndi wa mphete, wa pa guwa. Malowolo anakafika ku Nsanje, mudzi wonse ukuona."

Selina anakoka mpweya movutika, milomo itayamba kuda. A Habibu anamuyang'ana, kenako anatsitsa mawu.

"Amuna anuwo kwawo n'kuti?"

"Ku Chiradzulu."

"Ndimadziwa. Inu a ku Chigwa, ku Nsanjeko, mumati mwana ndi wa bambo. Kumtunda kuno bambo ndi tambala chabe, amalira n'kudumphira pa mpanda wina. Mwana amayang'ana kwa malume ake." Anapukusa mutu. "Mayina alimo anayi. Limodzi ndi la mtsikana wa zaka zitatu, Ursula. Mukandiuza kuti uyu ndi Ursula, zina zija sindinamve."

Dzina la Selina Petronela analisankha yekha, la malemu amayi ake. Zaka zisanu ndi chimodzi akuchapa ndi kusita yunifomu ya munthu, nsapato kuzipukuta mpaka kuonekamo nkhope, lero mwana wake azipempha mpweya m'dzina la wina! Koma chifuwa chija chinaliranso kumsana kwake.

"Ndi Ursula," anatero, mano atalumana.

A Habibu anathira mankhwala pasupuni pomwepo, mwana nameza. Botolo anam'patsa Petronela, koma iye sanachoke.

"Tembenuzani bukulo, ndione."

Anawerenga pang'onopang'ono, akutsata ndi chala: Rafaeli, Venansio, Laurenti, Ursula. Kadi ija anaisiya pakauntala ngati khoko la nthochi.

Onse anayi anali ana a mlongo wake wa Kopolo.