Pepala Lilibe Nyali

1.
Si uwu.

2.
Tinenenji amagwira ntchito m'kashopu kosindikiza ku Limbe, kachipinda kopanda windo, fungo la inki lokhalokha. Loweruka kuli mwambo wa chiliza cha mayi ake ku Ntcheu, ndipo ntchito yonse yosindikiza mapulogalamu a mwambowo abale adamsenzetsa iye. Nanga si iwe wa makompyuta, anatero. Ngati kuti wa makompyuta salira.

3.
Pa sikirini, duku la mayi pa chithunzi chawo ndi lobiriwira ngati chimanga cha mu Januwale. Papepala mtundu wake ukutuluka wofwifwa.
Si uwu.

4.
Lachiwiri bambo ake, a Kamzati, anabwera kudzatenga mapulogalamu, Lachitatu anabweranso, ndipo iye anawafotokozera kuti sikirini imapanga mitundu ndi kuwala pomwe makina ali ndi inki zinayi basi, ndiye kuli kubiriwira kwina koti makina sangakukwanitse ngakhale uwanyengerere bwanji, pepala lilibe nyali kumbuyo bambo, iwo n'kumangogwedeza mutu chipewa chili pabondo, osamvapo kanthu koma osafuna kumuchititsa manyazi mwana wawo pantchito pake

5.
Zomwe wayesa:
kuchepetsa inki yakuda
kuwonjezera yachikasu
pepala lonyezimira
pepala lokhuthala
kutukwana makina
kuwapepesa

6.
Mwanangu, anatero a Kamzati Lachinayi, anthu sakubwera kudzaona duku.
Si uwu, bambo.
Mtima unamuwawa. Ananamizira kuti makina atentha.

7.
Lachisanu masana. Abale ayamba kale kufika kumudzi, mafoni osaleka kulira. A Kamzati anakana kutuluka. Pofuna pokhazika chipewa anasuntha mulu wa mapepala, ndipo pansi penipeni panali losindikizidwa Lolemba, duku lili biriwiri.
Nanga ili lalakwa chiyani?


8.
Silinalakwe, bambo.
Anawatembenuzira sikirini. Pansi pa chithunzi panali dzina la mayi ndi zaka ziwiri, chaka chobadwa ndi chinacho. Tinenenji anadina batani, chinacho n'kuchoka. Anadinanso, n'kubwerera. Sabata yonse wakhala akuchita zimenezi, makina akangokhala chete.
Pano chimafufutika, anatero. Papepala ayi.
A Kamzati anayang'ana nthawi yaitali. Foni inaliranso m'thumba, osaiyankha. Anakoka mpando n'kukhala pambali pa mwana wawo.
Tafufutanso ndione.